Ndalama Zonunkha Utsi

Padangotero.

Tili tonse.

Ku Chinguluwe, m'boma la Salima, kumene dzuwa la mu Okutobala limaotcha mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa, kudali mnyamata wina dzina lake Yamikani. Makolo ake adatisiya iye akadali wamng'ono, ndipo adakulira m'manja mwa agogo ake aakazi, amene ankalima thonje ndi chimanga pa kamunda kamene mvula inkakakumbuka chaka china n'kukaiwala chaka chinacho. Mnyamatayu adali ndi mutu, zimenezo palibe ankatsutsa. Pa sekondale yoyendera imene ankaphunzira, nambala wani idali yake teremu iliyonse. Koma adali ndi kachilema kamodzi: ankanyansidwa ndi utsi. Agogo akangoyamba kukoleza moto pamafuwa, iye ankathamangira yunifolomu yake n'kukaipachika pa bwemba kuseri kwa nkhokwe, kuopa kuti anzake angamve fungo la kukhitchini.

Fizi ankamulipirira ndi atsibweni ake, mlongo wawo wa malemu mayi ake. Bamboyu ankakhala kutali chakumapiri, ndipo ankatulukira mwa apo ndi apo, kusiya ndalama kwa agogo, kumwa madzi, n'kubwerera. Ankati amachita geni. Geni yanji, Yamikani sadafunsepo.

Chaka chimenecho, cha 2022, chidali cha mdima. Mu Januwale namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adazimirira pamenepo. Magetsi ankathima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Nyumba zambiri za ku Chinguluwe zidalibe waya n'komwe, koma mdimawo udazipeza ndithu, pakuti chigayo chidasanduka malo ogona. Amayi ankayala zitenje pafupi ndi matumba awo, kudikira kuti mwina pakati pa usiku makina alira.

Tsiku lina m'kalasi, mtsikana wina wotchedwa Tadala adakweza mkono. "Aphunzitsi, ku Nanjoka, m'boma lathu lomwe lino, adayala mapanelo a sola munda wonse, ndipo adatsegulira chaka chathachi. Nanga bwanji amayi anga agona kuchigayo masiku awiri?"

Aphunzitsi a sayansiwo, mayi wa imvi amene aliyense ankangowatchula kuti aNachisale, adati: "Funso ndi limenelo. Mamegawati 60 a ku Nanjoka sabwera kuno okha ayi. Amalowa m'mawaya a ESCOM n'kugawidwa dziko lonse, ndipo dzuwa likalowa nawonso amagona. Koma yankho lonse silingakwane lero. Mawa mubwere msanga."

M'mawa mwake adafika ndi mbale ya njere za thonje. Adakankhira madesiki kukhoma, ana n'kukhala mozungulira pansi, iwo n'kukhuthula njerezo pasimenti.

"Njerezi zilipo 100. Tinene kuti ndi mphamvu zonse zimene anthu a padziko lapansi amagwiritsa ntchito: zoyendetsa galimoto ndi ndege, zootchera simenti ndi zitsulo, zophikira, zounikira. Yamikani, patula 80 uike apo."

Mulu udakula, mbali inayo n'kutsala tochepa.

"Umenewo ndi moto wokwiriridwa: malasha, mafuta ndi gasi. Ndi zomera ndi tizamoyo zimene zidafa zaka mamiliyoni ambiri zapitazo n'kuphikika pansi pa nthaka. Malasha a ku Mchenga ku Rumphi ali m'gulu limeneli, ngakhalenso a ku Moatize ku Tete, amene amadutsa m'dziko mwathu muno pa sitima zitalizitali, kudzera pa Nkaya ndi pa Liwonde, kupita ku doko la Nacala. Moto umenewu ndi wamphamvu ndipo sutengera nyengo. Koma ukauotcha subwerera, ndipo mpweya wake umatsalira mumlengalenga n'kumasunga kutentha. Nyanja zikuluzikulu zikatentha, anamondwe amadza ndi mvula yoposa kale."

"Ndiye kuti adagumula Kapichira ndi anthu a malasha?" adafunsa mnyamata wina.

"Namondwe ngwakale, mwana wanga. Koma amene akumudyetsa kuti anenepe ndi mulu uwu."

Kenaka adatola njere 5 n'kuziika padera. Adati umenewo ndi moto wa m'mwala, wa nyukiliya. Pali mwala wotchedwa yureniyamu, umene tinthu ta m'kati mwake tikang'ambidwa timatulutsa kutentha koopsa. Kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi yake n'kupukusa makina a magetsi, popanda utsi. Njere 15 zotsala adati ndi moto wobwerera: madzi a m'mitsinje, mphepo, dzuwa, ndi mitengo ngati anthu aipatsa mpata wophukanso. Adachenjezanso kuti tikawerenga magetsi okha chithunzi chimasintha pang'ono: pafupifupi 60 ndi za moto wokwiriridwa, 10 za nyukiliya, 30 za moto wobwerera.

Atatero adasonkhanitsa njere zonse n'kunena kuti, "Tsopano tigawe za Malawi." Adakankha mulu waukulu, woposanso 80, n'kufunsa kuti ndi chiyani. Ena adati Nkula, ena Tedzani, ena petulo. Aphunzitsi ankangopukusa mutu.

"Ndi nkhuni ndi makala. Magetsi onse a pa Shire, kuphatikizapo a ku Nanjoka, sadzaza ndi dzanja limodzi lomwe la njerezi. Mphamvu yaikulu ya dziko lino imayenda pamutu pa amayi anu ndi pa kaliyala wa njinga."

M'kalasi mudati zii. Yamikani adamva manyazi ngati amunyoza iye mwini.

Ntchito yokachitira kunyumba idali yachilendo. Aliyense akasankhe moto umodzi wa pakhomo pawo n'kuutsata mpaka kwawo, ndipo adzayankhe mafunso awiri: motowo udabadwira kuti, nanga adaulipira ndani? Mayankho adzaperekedwa pamaso pa makolo ndi amfumu, tsiku lotsekera sukulu.

Tadala adapita kwa bambo ake ku Senga Bay. Iwo adali siginala, munthu amene amakhala m'bwato usiku ndi nyali kuitana usipa kuti a chilimira auzinge. Kale ankayatsa nyali za parafini, koma tsopano adali ndi mababu olumikiza ku batire, limene masana ankalitchaja ndi kapanelo. Mtsikanayo adatembenuza kapaneloko n'kupeza kuti kadapangidwa ku China, dziko limene magetsi ake ambiri amachokera ku malasha. Adaonanso mabatire akutha atatayidwa pamchenga, pafupi ndi pamene ana amasambira. Mnyamata wina adatsata dizilo wa chigayo cha kumudzi kwawo mpaka adadziwa kuti amabwera pa mathanki kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kuti amagulidwa ndi madola, ndipo kuti madola ambiri a dziko lino amabwera ndi fodya. Adazindikira kuti mizere ya galimoto imene idali pa malo omwetsera mafuta chaka chimenecho idali ndi chibale ndi chigafa cha agogo ake.

Yamikani sadatsate moto uliwonse. Wa pakhomo pawo adauona wonyozeka. Adabwereka mabuku, n'kulemba za moto umene udamusangalatsa, wa m'mwala uja.

Tsiku lidafika. Anthu adadzaza pansi pa mtengo wa mango, amfumu ali pampando, amayi pamphasa. Anzake atatha, Yamikani adaimirira, malaya ali mbee. Adafotokoza za Koeberg, pafupi ndi Cape Town, malo okhawo mu Africa muno amene ankapanga magetsi a nyukiliya, kuyambira mu 1984. Adati ku France magetsi oposa theka amachokera ku mwala umenewu. Anthu adagwedeza mitu. Ataona kuti akumumvera, mawu adakwera.

"Anzathu akuphika ndi nzeru, ife tikuphika ndi nkhalango! Mitengo ikatha, dothi limakokoloka kupita m'mitsinje. Ku Shire matope ndi namasupuni zimatseka makina a ku Nkula, magetsi n'kuthima. Ndani akutichita zimenezi? Ndi ootcha makala! Anthu amenewa ndi adani a dziko, mbava zoba mvula ya ana athu. Ofunika kuwamanga onse, asatsale ndi mmodzi yemwe!"

M'manja mudalira, nthungululu zili pokopoko. Kumbuyo kwenikweni, munthu wina wa chipewa chakutha, amene adali atatsamira njinga, adaitembenuza mwakachetechete n'kumapita. Yamikani sadamuone. Agogo ake adamuona.

Madzulo agogo adamuitana pakhonde. Adamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa ndalama zopindapinda.

"Fizi ya teremu ya mawa iyi. Atsibweni ako anabwera."

"Anabwera? Bwanji sanandidikire, agogo?"

"Anakumva. Tatambasula ndalamazo."

Adazitambasula. Pa pepala lililonse padali chidindo cha chala chakuda.

"Nunkhiza."

Lidali fungo lomwe lija ankalithawitsa yunifolomu.

"Aphunzitsi ako anati utsate moto mpaka kwawo," adatero agogo. "Iwe unatsata wa ku France. Wako ndi umenewu. Mawa ulawire."

Adayenda tsiku lonse, kufunsa njira m'midzi, mpaka adafika kumapiri a kufupi ndi nkhalango ya Thuma. Chimene chidamulondolera ndi utsi woyera umene unkakwera kuseri kwa chitunda. Adapeza zitsa za mombo ndi muwanga zili mbwee, ndipo pakati pake padali mulu wautali wa dothi, ukufuka m'timabowo ta m'mbali. Atsibweni ake adali pamwamba pa muluwo ndi fosholo, akutseka pamene dothi lidagumuka. Mapazi awo adali ndi zipsera zakale ndi zatsopano. Atatsika adatsokomola nthawi yaitali asadayankhule.

"Wabwera, mphwanga. Samala pamenepo, pansi pali moto."

Yamikani adagwada. Mawu onse a dzulo adamuthawa. "Atsibweni, ndinalakwa."

"Dzuka, tenga khasu ilo. Uvuni sudikira milandu."

Adagwira ntchito mpaka mdima. Adaphunzira kuti mitengo imasanjidwa mothithikana, kufunditsidwa udzu, kenaka dothi, ndipo moto umayatsidwa mbali imodzi kuti uziyenda pang'onopang'ono wopanda mpweya wokwanira. Dothi likangoboka usiku munthu ali m'tulo, mpweya umalowa, ntchito ya masabata n'kusanduka phulusa. N'chifukwa chake wootcha makala sagona. Adaonanso ndi maso ake kuti gawo lalikulu la mtengo limathera mu utsi, lotsala m'thumba n'lochepa.

Usiku, akuotcha chinangwa, atsibweni adayamba okha.

"Zimene unanena zija si zabodza. Kamtsinje ako kali apoka, ndili mnyamata tinkagwiramo nkhanu mwezi ngati uno. Lero ndi mchenga. Ndikadula muwanga ndimadziwa kuti sindidzauonanso wotere m'moyo wanga. Usaganize kuti sitidziwa. Ndinkalima thonje ine. Chaka china mvula idadula, chaka china ogula adatipatsa mtengo wosabweza ndi mankhwala omwe, ndiye mayi ako n'kumwalira, iwe n'kukhoza mayeso a Sitandade 8. Ndikadatani? Lamulo adalikhwimitsa mu 2020, a zankhalango akatigwira amalanda makala ndi njinga yomwe, ena ali kundende. Sindikuti akulakwa. Koma pa mafunso a aphunzitsi ako pakusowa limodzi. Mawa ukaliona."

Uvuni wina udali utapola kale. Adalongedza matumba atatu, lililonse atalilumikiza ndi timitengo n'kuluka luzi pamwamba kuti litalike, n'kuwamanga panjinga. Adanyamuka nkhuku zisadalire. Njinga yotere siikwereka pachitunda, imakankhidwa, chifuwa chili pa handulo. Atsibweni ankakankha akuimba chapansipansi:

Kankha, kankha, mwana wa amayi,
Chitunda sichimva njala.
Kankha, kankha, usacheuke,
Wako ali m'kalasi.

Yamikani ankakankha kumbuyo, misozi ikusakanikirana ndi fumbi la makala.

Dzuwa likutuluka adalowa m'tauni ya Salima. Ndipo taonani amene ankatuluka m'mipanda kudzaimitsa njinga: anthu a nyumba za malata, za mawaya a magetsi, ena mbaula zamagetsi zikuonekera pawindo zitafunditsidwa nsalu. Palibe adafunsa kumene mtengo udadulidwa. Onse ankangonenerera kuti achotsereko.

"Waona?" adatero atsibweni. "Magetsi akathima kuno, kumapiri nkhwangwa zimalira. Ndipo ngakhale ayake, ambiri amati nyemba n'zodula kuphikira pamagetsi. Wogula ndi amene unamuiwala."

Thumba lomaliza adapita nalo chakwawo. Pa nyumba ina pafupi ndi sukulu padatuluka mayi ndi beseni. Adali aNachisale. Adayang'ana mnyamata wakuda bii kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo adamuzindikira. Besenilo sadalibise.

"Wautsata tsopano," adatero. "Ndipo wakufikitsa pakhomo panga. Inde, nsima imene ndimadya ndisadabwere kudzakuphunzitsani imapsa ndi makala a atsibweni ako. Lowani, mumwe tiyi."

Ali pamkeka, aphunzitsi adamalizitsa phunziro limene Yamikani adalithawa. Adamufunsa ngati ankadziwa kuti mwala wa ku France uja ulinso ku Malawi. Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, adayamba kukumba yureniyamu mu 2009, n'kuimitsa mu 2014 mitengo itagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima ku Japan ya mu 2011. Mwala wonsewo udapita kunja kukaunikira mizinda ya eni ake, midzi yambiri yozungulira mgodiwo ikuphikirabe nkhuni. Zotsalira za motowo zimakhala zaululu zaka zikwizikwi, ndipo adzazilondera ndi ana amene sadabadwe. Damu la Cahora Bassa pa Zambezi lidasamutsa anthu ambirimbiri, koma magetsi ake ochuluka amapita ku South Africa. Ngakhale mapanelo a ku Nanjoka adafuna malo aakulu oti akhalepo, ndipo malo kuno kwathu ndi chakudya.

"Ndiye kuti moto wonse ndi woipa?" adafunsa Yamikani.

"Ayi. Dzuwa ndi madzi n'zabwino kuposa malasha kutalitali, ndipo ndimapemphera kuti mapanelo achuluke, ndi mabatire ngati a ku Golomoti. Koma uliwonse uli ndi amene amausenza. Ukamasankha moto, uyambe wamuona nkhope munthu ameneyo."

Sukulu itatsegulidwa, Yamikani adapempha amfumu kuti aitanenso anthu pa mango paja. Adabwera ndi mbale ya njere za thonje, ndipo pambali pake padaima atsibweni ake, chipewa chili m'manja. Adagawa milu ya dziko lapansi, n'kugawanso ya Malawi. Kenaka adaloza mulu waukuluwo.

"Mulu uwu ndi umene wandiphunzitsa ine kuyambira Fomu 1. Munthu amene ndinamutcha mbava pamaso panu ndi uyu, atsibweni anga. Nkhalango ikuthadi, zimenezo sindibweza. Koma nkhwangwa tagwira tonse: iwo, ine wodya fizi, ndi aliyense amene ali ndi mbaula pakhomo."

Ulendo uno m'manja simudalire. Ena adayang'ana pansi, ena adang'ung'udza kuti mwanayu wayamba mwano. Amfumu adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tonse tamva. Nanga titani?"

Adakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sadagwirizane zonse. Koma zina zidatheka. Amfumu adalamula kuti pa chitunda cha kumadzulo kwa mudzi pasalowenso nkhwangwa kapena moto, zitsa zisiyidwe ziphukire, ndipo woswa lamulolo adzalipira mbuzi. Mabanja angapo adabzala nandolo m'mizere ya chimanga, kuti adye ndiwo n'kusonkhezera mitengo yake. Agogo ake a Yamikani, amene adali woumba mbiya pa utsikana wawo, adapita kukaphunzira kuumba chitetezo mbaula, ija yadothi imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa, ndipo mdzukulu wawo ndiye adakhala wopondaponda dothi, Loweruka lililonse, matope mpaka m'mawondo.

Atsibweni sadasiye makala tsiku lomwelo. Njala siimva msonkhano. Adaotchabe chaka chimenecho, koma mauvuni adachepa, chifukwa theka la fizi lidayamba kuchokera ku mbaula, ndipo iwo adalowa gulu la alimi a kudimba amene ankasonkherana ndalama zogulira pampu ya sola.

Mbaula zoyamba zitapsa, Yamikani adasenza imodzi kupita nayo kwa aNachisale. Aphunzitsi adaigogoda ndi chala, kuitembenuza, kusuzumira m'kati, n'kufunsa mtengo. Atamva, adagwira pakamwa.

"Iii, mwana iwe! Aphunzitsi ako omwe? Tachotsako pang'ono."

"Pepani aphunzitsi, sizitheka. Dothi anakakumba ndi agogo kudambo, anaumba masiku awiri, kuyanika masabata, ndipo nkhuni zootchera anatola ndi atsibweni. Ndikachotsa, ndiye kuti alipira ndi iwowo."

ANachisale adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Adalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndalama zokwanira mbaula ziwiri, ina ya mng'ono wawo wa ku Lilongwe, ndipo adamuuza kuti yachiwiriyo ifike lisadathe sabata.